Fani ya Vitz yanga yapirira dzuwa la Okutobala

Chisinthire mota ya fani pa Vitz yanga mu Juni muja sindinafune kuyamikira msanga, paja nthawi yozizira galimoto iliyonse imaoneka yabwinobwino. Pano Okutobala ndi Novembala zadutsa ndi dzuwa lake lija ndiye nditha kulankhula. Yanga ndi ya 2008, kainjini ka 1KR ka masilinda atatu.

Vuto linali lakuti ukamathamanga msewu wa Zalewa palibe chilichonse, koma ungolowa mumdipiti wa madzulo pa Chipembere Highway, kuchoka pa Ginnery Corner kukwera ku Chichiri uko mukungokwawa, kanyali kofiira kochenjeza kuti injini yatentha kaja kamayamba kuphethira. Ndiye Vitz imeneyi ilibe geji yoti uziona muvi ukukwera, ndi kanyali basi, kakamayaka ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Msewu ukatseguka kamazima kokha.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa rediyeta, ikaima ntchito yonseyo imatsalira fani. Ndiye ngati ikutentha poima pokhapokha, yambani mwaona fani musanagule china chilichonse. Kuyesa kwake nkosavuta, lizani injini, yatsani eyakoni, tsegulani boneti. Fani ikuyenera kuzungulira. Yanga inangoti zii. Makaniko anaona fyuzi ili bwino, anasinthanitsa relay, kaswichi kamagetsi koyatsa fani kaja, ndi ina yofanana nayo, ziii. Kenako anangogogoda mota ija ndi chogwirira cha sikuludalaiva, inadzidzimuka n'kuzungulira pang'ono n'kuimanso. Mabulashi amkati, timakala topititsa magetsi mu mota tija, anali atatha, nchifukwa chake tsiku lina imagwira tsiku lina ayi.

Ndisanafike kwa ameneyu, kugalaja ina anandiuza kuti bwana tingochotsa themositati ndiye fani tiilumikize dairekiti izizungulira nthawi zonse. Abale izi musalole. Themositati ija, kavavu kolola madzi kupita ku rediyeta, imatseguka madzi akafika cha m'ma 80 digiri, mukaichotsa injini imachedwa kufunda m'mawa ndipo imamwa petulo wambiri, petulo wake wovuta kupezayu. Komanso mota yakufa ngakhale muilumikize dairekiti ndi yakufabe basi.

Ndinagula mota yakale ya Denso yochotsa pa Vitz ina yophwasulidwa ku Ndirande, tinaiyesa kaye pa batire pomwepo ndisanalipire. Zatsopano zotchipa zinalipo koma pulagi yake imasiyana, zimafunika kudula mawaya, ine ndinakana.

Ndiye pano zili bwanji? Kanyali kaja sikanayakenso. Ndaima nayo mu Limbe masana dzuwa lili paliwombo, ndakhala pa mzere wa mafuta injini ikulira, umangomva fani ija yayamba kuti vuuu kwa kanthawi kenako n'kusiya, monga mmene ziyenera kukhalira. Poyesa penipeni panali pobwera ku Chikwawa, kukwera zitunda za Thabwa kumbuyo kwa thiraki ya nzimbe pa giya yotsika anthu anayi mkati, inakwera osadandaula. Chomwe sindikukondwera nacho ndi phokoso, ikamayamba imamveka kukhuluza pang'ono kuposa yoyamba ija, ndipo poti ndi yakale ndikudziwa kuti mabulashi akenso adya kale msewu. Ndimaiyesa ndi eyakoni ija kawirikawiri ndisananyamuke ulendo wautali.

China chomwe chathandiza, tsiku lomwelo tinatsuka rediyeta kunja, timapepe take tinali todzadza fumbi ndi udzu, tinasinthanso chivindikiro chake chifukwa labala inali itauma. Tinakhetsa madzi apampopi omwe mwini wake wakale ankathira, anatuluka ofiira dzimbiri lokhalokha, n'kuika coolant wapinki, madzi apadera oziziritsa injini aja. Mu kabotolo kapambali mlingo sunatsike mpaka lero.

Koma ngati yanu fani ikuzungulira bwinobwino n'kumatenthabe, onani thovu mu rediyeta, utsi woyera kumbuyo kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pa chotsekera cha oyilo, pamenepo mwina ndi gasiketi ya hedi ya injini ndipo mota yatsopano sikuthandizani. Ndipo chonde chivindikiro cha rediyeta osatsegula injini ili yotentha, madzi ake amatumphuka n'kukusupulani nkhope, dikirani izizire kaye.