Kuyezetsa magazi za mungu wa mitengo kuno ku UK, ndalama yake ikuyenera?

Abale amene chikafika March mpaka May mumangokhalira kuyetsemula, mamina chuchuchu, maso kuyabwa ngati mwathiridwa tsabola, mwina si chimfine ayi, ndi mungu wa mitengo makamaka birch. Ine ndinakayezetsa pa kiliniki ina ya pulaiveti, testi yake amaitcha ImmunoCAP ISAC, ya kampani ya Thermo Fisher.

Chomwe chinandikopa nchoti sakuuza kuti usiye kumwa mankhwala oletsa kuyetsemula ndi kuyabwa ngati ma Piriton kapena cetirizine, pomwe testi ina yobaya pakhungu umayenera kusiya masiku angapo, ndiye tangoganizani kusiya mankhwala mu April mungu uli pachimake. Apa amangotenga magazi pamkono basi, mphindi zochepa wanyamuka.

Ku labu ndiye kuli nkhani. Madzi a m'magaziwo (serum) amawathira pa kagalasi kakang'ono komwe pali timadontho ta zinthu 112 zomwe thupi limatha kudana nazo, ndiye ngati uli ndi ma antibody a IgE (asilikali a m'magazi omwe thupi limapanga likadana ndi chinthu) amakamatirira pa kadontho kake, kenako amathira mankhwala owala, makina a laser nkujambula chithunzi, kompyuta nkuyeza kuti kadontho kalikonse kakuwala bwanji. Kuwala kwambiri ndiye kuti IgE yachuluka. Kwa ine kunawala Bet v 1, puloteni ya mu mungu wa birch, komanso Mal d 1, puloteni ya mu maapozi, ndipamene ndinamvetsa chifukwa chomwe apozi wosaphika amandiyabwa mkamwa koma wophika mu pie ayi, mapuloteni awiriwa ndi ofanana ndiye thupi limasokoneza, koma la mu apozilo likapsa limawonongeka.

Chomwe sichinandisangalatse, rizati anangonditumizira pa imelo, mapeji ambirimbiri a manambala ndi mayina achilatini popanda wondifotokozera, kuti uonane ndi dokotala akuti ulipirenso zina. Ndalama yake kale ndi yowawa! Komanso dziwani kuti kadontho kuwala sikutanthauza kuti chinthucho chimakudwalitsa, ndinaona zina zawala zomwe ndimadya bwinobwino, munthu wamantha atha kusiya zakudya zambiri pachabe.

Ngati vuto lanu ndi la nyengo imodzi yokha, pemphani kaye GP (dokotala wanu wa kudera) testi ya birch yokha, yotchipa. ISAC ndi ya amene zakusokonezani, mungu uku zakudya uku. Ndipo musanalipire funsani ngati kuonana ndi dokotala kuli momwemo. Nyenyezi 3 pa 5.