Duolingo kwa wa ku Mzuzu: Chiswahili kapena Chifalansa?

Ngati mumakapikula katundu ku Kyela kapena ku Dar es Salaam n'kudzagulitsa ku Taifa Market, sankhani Chiswahili pa Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzirira zilankhulo. Chimalowa msanga m'mutu chifukwa magulu a mayina ndi kamangidwe ka aneni n'zofanana ndi za Chichewa ndi Chitumbuka. Mphindi 15 patsiku n'zokwanira poyambira.

Pulogalamuyi imaphunzitsa kudzera m'Chingelezi, imadya bandulo, ndipo siikuzoloweretsani kunenerera mtengo. Manambala a masauzande muziyeserera ndi amalonda a ku Tanzania pamsika pomwepo. Samalaninso ndi nthawi: Aswahili amayamba kuwerenga maola 6 koloko m'mawa, choncho "saa mbili asubuhi" ndi 8 koloko. Mukasokoneza, basi ikusiyani.

Maphunziro ake a Chifalansa ndi ozama kuposa a Chiswahili, oyenera ofuna ntchito m'mabungwe akunja, koma katchulidwe kamafuna mphunzitsi wokuwongolerani lilime.