Buku labwino pophatikiza, koma pobwereka limathamanga

Buku la masamuli ndinagulira mwana wanga wamkazi wa zaka 7 miyezi inayi yapitayo, ndipo pano tatsala pang'ono kulimaliza. Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chandikomera kwambiri ndi momwe lachedwera dala pa nambala 10. Masamba angapo oyambirira ndi a manambala awiriawiri opanga 10: 9 ndi 1, 8 ndi 2, 7 ndi 3, mpaka 5 ndi 5. Poyamba ndinkati akungowononga mapepala. Phindu lake linaoneka titafika pa 8 + 5. Kale mwanayu ankawerenga zala kuyambira pa 1, zala zikatha n'kusokonezeka. Pano amangoti, "8 akusowa 2 kuti akwane 10, pa 5 patsala 3, ndiye 13." Kuchotsera nakonso sanakuike pakokha ngati phunziro lachilendo. Pansi pa 6 + 3 = 9 alembapo 9 − 3 ndi 9 − 6, mwana n'kudzionera yekha kuti nkhani yake ndi imodzi.

Pobwereka m'pomwe landikhumudwitsa. Chitsanzo chimodzi chokha, kenako masamu mbwee tsamba lonse. Atapatsidwa 52 − 17, analemba 45. Sikuti ankangolota ayi. Anaona kuti pa 2 sangachotsepo 7, ndiye anangotembenuza, 7 − 2, kenako 5 − 1, ndipo palibe pomwe bukuli likumuuza kuti zimenezi n'zolakwika chifukwa chiyani. Tinachita kumanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi, mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Nditati andipatse 7, anayang'anayang'ana, n'kumasula yekha mtolo umodzi. Timitengo tinakwana 12, mitolo inatsala 4, ndipo atachotsa timitengo 7 ndi mtolo umodzi, 35 anam'peza osalimbana nazo. Mawu akuti kubwerekawa sindiwakonda n'komwe. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Nanga amayi, teni tabwerekayu tibweza liti?" Ndinasowa chonena.

Zithunzi n'zazikulu bwino, malo olembapo ndi okwanira dzanja la mwana. Mapepala okha ndi opyapyala, akafufuta kawiri pabooka. Mayankho kumapeto kulibe, koma pa msinkhu uwu kholo lingathe kuchonga lokha.

Amene mukufuna kuligula, guleni, koma mukayandikira mutu wa mateni ndi mawani, konzeranitu timitengo ndi timalabala tomangira.