Kuika kapaipi kotsukira magazi ku Lusaka: zimadalira manja oika

Impso zikaleka kugwira ntchito, makina otsuka magazi (dialysis) amafuna njira yotulutsira magazi ndi kuwabweza. Kwa odwala ofika mochedwa, njira yoyamba ndi kapaipi ka pakhosi. Ku Lusaka ntchitoyi imachitika m'zipatala zokhala ndi gawo la impso, monga chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), ndi m'zipatala zina zolipira. Kapaipi ndi komweko, koma oika amasiyana, ndipo mavuto ambiri a pambuyo pake amayambira tsiku loika lomwelo.

Kapaipika kalipo ka mitundu iwiri. Kosakhalitsa kamalowa mwachindunji mu mtsempha ndipo sikayenera kupitirira masabata awiri. Kokhalitsa, kamene anamwino amati permcath, kamayenda kaye pansi pa khungu la pachifuwa, ndipo kali ndi kansalu ka Dacron komwe mnofu umamerera n'kutsekera tizilombo njira.

Madokotala a impso tikuwayamikira pa chinthu chimodzi chachikulu: amaganizira za mawa. Amasankha mtsempha wa pakhosi wa kumanja chifukwa umatsika molunjika kumtima, ndipo amapewa mtsempha wa pansi pa fupa la paphewa. Mtsempha umenewu ukaboweredwa umakonda kuchepa mkati, ndipo pambuyo pake dzanja lonse limatupa mukapanga fistula (njira yokhalitsa ya dialysis yopangidwa polumikiza mitsempha iwiri ya pa mkono) mbali imeneyo. Wodwala impso ali ndi mitsempha yowerengeka. Umodzi ukawonongeka, subwerera.

Madokotala a opaleshoni ali ndi dzanja labwino pokumba njira ya pansi pa khungu ndi poletsa magazi, ndipo ndiwo oyenera pamene wodwala anachitidwapo opaleshoni ya pamimba koma akufuna paipi ya Tenckhoff yotsukira kudzera m'mimba. Madokotala ojambula, oika akuyang'ana pa makina a X-ray nthawi yomweyo, amapambana kwa wodwala amene anaikidwapo kangapo, mitsempha yake yayamba kutsekeka, chifukwa amaona pamene waya wotsogolera kapaipi wakakamira m'malo mokankha mwakhungu.

Chimene sitikugwirizana nacho ndi kuika mongopapasa, popanda sikani ya ultrasound yoonetsa pamene mtsempha uli. Mtsempha wa pakhosi uli pafupi kwambiri ndi mtsempha waukulu wopita ku ubongo, ndipo nsonga ya phapo ili pansi pomwepo. Singano ikasochera, khosi limatupa ndi magazi kapena mpweya umalowa m'chifuwa, phapo n'kuphwa. Apa dzina la dokotala silithandiza. Woika kawirikawiri ndi sikani m'manja amaposa katswiri wamkulu woika kamodzi pa chaka.

Kutalika nakonso n'kofunika. Kumanja nthawi zambiri amagwiritsa ntchito ka masentimita 19 kapena 23 kuyambira pa kansalu. Kumanzere pamafunika katali chifukwa njira yake imakhota kawiri. Nsonga iyenera kufika m'chipinda cha m'mwamba cha kumanja cha mtima. Ikatsalira m'mwamba, imayamwa khoma la mtsempha, magazi sakwana mamililita 300 pa mphindi, makina amangolira, ndipo maola anayi a wodwala amapita pachabe. Kapaipi kopindika pa khosi kamachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake X-ray ya pachifuwa musanayambe kukagwiritsa ntchito si yongowonjezera ndalama.

Matenda olowa m'magazi, makamaka a tizilombo ta Staphylococcus aureus, amadalira kwambiri anamwino kuposa woika. Malo abwino amapukuta ndi mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine, namwino ndi wodwala onse amavala masiki potsegula, ndipo potseka amathira heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, wokwana ndendende muyezo wolembedwa pa kapaipiko. Akapyoza, heparin amalowa m'thupi, bala n'kuyamba kukha magazi. Mu wodi wamba asakagwiritse ntchito poika dripi kapena potenga magazi. Wodwala akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi ali pa makina, musamangoti ndi malungo. Atengedwe magazi oyeza tizilombo tsiku lomwelo.

Achibale, musachite manyazi kufunsa adokotala mwaulemu: aika kumanja kapena kumanzere, agwiritsa ntchito sikani, ndipo fistula ikonzedwa liti. Fistula imatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ikhwime, choncho kuyambira tsiku loika kapaipi, dzanja limene wodwala salembera lisabayidwenso singano pa mkono. Ngati n'kofunika kutenga magazi, atenge kuseri kwa chikhatho.