Madala okonza mawaya a njinga zamoto ku Magaba, Mbare

Anzanga okwera njinga zamoto kuno ku Harare, makamaka ife a madelivale, ndati ndikuuzeni za madala ena amene anandikonzera mawaya ku Magaba cha ku Siyaso. Makolo awo anachokera ku Dedza ndiye Chichewa mumacheza nawo bwinobwino.

Vuto langa linali hedilaiti, ndikangogunda dzenje mu Seke Road imathima, usiku ndithu, katundu wa anthu ali kumbuyo. Poyamba ndinapita kwa mnyamata wina, anawotcherera wayayo ndi solda nkukulunga tepi, poyang'ana panali pokongola koma mwezi sunathe vuto labwerera. Zinandiwawa kwambiri.

Madalawa atamasula tepi anandiitana, akuti mwanawe bwera uone wekha. Waya sanaduke powotchererapo ayi, anaduka pambali penipeni pamene solda wathera. Anandifotokozera kuti solda akasungunuka amakwera mkati mwa timawaya ta kopa tija ndiye waya amauma gwa ngati msomali, tsono njinga imanjenjemera tsiku lonse komanso apa ndi pakhosi pomwe handulo imakhota uku ndi uku, wayayo amangopindikira malo amodzimodzi mpaka kuthyoka. Nchifukwa chake mawaya ochokera ku fakitale amachita kupana ma terminal, tizitsulo tolumikizira ta kunsonga kwa waya, sawotcherera.

Chimene chinandisangalatsa ndi chida chawo. Si pulayazi wamba amene ena amangofinya nazo, ndi crimping tool ya ratchet ija yosatseguka mpaka yapana mokwanira. Ma terminal amasankha potengera kukula kwa waya, ofiira a waya wa 0.5 mpaka 1.5 mm², abuluu 1.5 mpaka 2.5, achikasu 4 mpaka 6. Akapana amakoka wayayo mwamphamvu inu mukuona, kenako amavekapo heat shrink ya guluu mkati, kachubu kamene kakatenthedwa kamagwira waya zolimba, kuti madzi asalowe, poti mvula ikayamba mu Novembala kopa sachedwa kubiriwira. Pomaliza anayeza batire injini ikulira, mita inawerenga 14 volts ndi kakang'ono, akuti tchaji ili bwino.

Sikuti solda amadana naye, ndinawaona akuwotcherera mkati mwa switch ya munthu wina pomwe waya sagwedezeka, ndipo amagwiritsa wa rosin osati wa asidi wa a mapaipi uja amene amadya waya. Komanso kupana sikudikira magetsi, tsiku limenelo anali atathima koma ntchito inayenda.

Chodandaula changa nchakuti amachedwa, ali okha alibe wothandizira ndipo safuna kuthamangitsidwa, ine ndinataya m'mawa wonse ndipo pokhala palibe, mumaima padzuwa. Mtengo unakwererako kuposa wa mnyamata uja koma ndinalipira ndi mtima umodzi. Pano miyezi 5 yadutsa, Chitungwiza ndikupita pafupifupi tsiku lililonse, nyali sinaphethire nkamodzi komwe. Mukafuna kupitako lawirirani cha m'ma 7, ikamakwana 9 pamakhala padzaza kale njinga.