Mabawuti a chigwiriro cha mpeni chomasulidwa: Chicago, Corby ndi Torx

Anzanga amene timapanga nawo mipeni kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto kuno ku Lilongwe akhala akundifunsa za mabawuti oyenera pamene kasitomala akufuna kuti timatabwa tiwiri ta chigwiriro tizimasulidwa. Pempholo n'lomveka, pakuti chitsulo cha sipuling'i chimachita dzimbiri msanga, ndipo madzi ndi magazi a nyama amalowerera pansi pa thabwa pomwe nsalu siifika.

Za mabawuti a mtundu wa Corby ndi Loveless sindichulutsa mawu. Amagwira mwamphamvu, koma mutu wake umadulidwa n'kupalidwa kuti ufanane ndi thabwa, kotero kuti sikuludiraiva isowa pogwira. Amenewa ndi a chigwiriro chokhazikika basi.

Mabawuti a Chicago ndiwo anandipweteka, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndinagula a mkuwa m'sitolo ina ku Area 2 chifukwa anali otchipa, ngakhale ndinkadziwa kuti ntchito yake yeniyeni ndi yomangira malamba ndi zikopa. Mbali imodzi ndi kachubu ka mutu wosalala wopanda mpata uliwonse, ndipo mbali inayo ndi bawuti ya mpata umodzi. Ndinawaika pa mpeni wa chigwiriro cha phingo umene ndinapangira bambo wina wa butchala mu Okutobala, ndipo poopa kuti angakhwefuke ndinadonthezera Loctite yofiira, guluu wolimbitsira mabawuti, pa mazinga. Kumeneko kunali kulakwa kwanga, chifukwa yofiirayo imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 250 kuti imasuke, moto umene thabwa silingapirire.

Mu Januwale, mvula ili pakati, bamboyo anabweretsa mpeni kuti ndiuchotse dzimbiri. Nditapotokola bawuti, kachubu ka mbali inayo kanayamba kuzungulira limodzi nayo m'bowo. Ndinayesa kukapanikiza ndi chidutswa cha mphira wa njinga, koma sizinathandize, ndipo mkuwa pokhala wofewa, mpata wa sikuludiraiva unaphwanyika n'kusanduka dzenje. Panatsala kuboola basi. Pa bawuti yachiwiri dirilo inatsetsereka, phingo n'kung'ambika kuyambira pa bowo mpaka kumapeto. Aliyense amene anasakapo phingo akudziwa kuvuta kwake, ndipo chigwiriro chimenecho ndinachipala masiku awiri. Ndinapanga china cha mlombwa ndi ndalama zanga, ndipo bamboyo anaulandira mwaulemu, koma ndinaona pankhope pake kuti si mpeni umene anaukonda poyamba.

Masiku ano ndimagwiritsa ntchito kachubu ka mazinga mbali zonse ziwiri, kamene kamadutsa m'chitsulo cha mpeni, ndi mabawuti awiri a M3 (onenepa mamilimita 3) a mutu wa Torx, umene uli ndi bowo looneka ngati nyenyezi. Popeza mutu uliwonse uli ndi pogwira, kiyi mmodzi wa Torx wa muyezo wa T10 amagwira uku pamene wina akumasula uko. Kachubuko kamalowa pang'ono m'thabwa lililonse, choncho timatabwa sitisuntha, koma kayenera kufupikirako pang'ono kuti mitu ipanikize thabwa isanagunde chubu. Thabwa likauma n'kufota m'chilimwe, kupotokola pang'ono kumakwanira. Mabowo a m'chitsulo aziboolwa mpeni usanalimbitsidwe pamoto, ndipo pa mazinga pazikhala Loctite ya buluu yokha.

A mutu wa Allen, wa bowo la ngodya zisanu ndi imodzi, amagwiranso ntchito, koma kiyi wake wa mamilimita 2 amadya m'mutu msanga.

Vuto la Torx ndi kupezeka kwake. Anga ndinaitanitsa ku South Africa, ndipo ndalama yotumizira pamodzi ndi msonkho inaposa mtengo wa mabawutiwo, kuphatikizapo kuti kasitomala aliyense ndimamupatsa makiyi awiri. Poitanitsa muzionetsetsa muyezo, chifukwa mazinga a ku America monga 4-40 ndi 6-32 sagwirizana ndi M3, ndipo bawuti ikatayika mudzavutika kupeza inzake mumzinda muno. Ngakhale zili choncho ndimalipira ndithu, ndipo a Chicago amene anatsala m'chitini ndimamangira m'chimake cha chikopa chokha.