Kawailesi ka sola kamene ndinagulira mayi anga odwala: ubwino ndi zofooka zake

Ndinagula kawailesi kamene ndikufuna kufotokoza pano mu Januwale 2024, m'sitolo ina ya zipangizo zamagetsi ku Limbe, pa mtengo wa K28,000, ndipo kuyambira pamenepo kakhala kakugwira ntchito tsiku ndi tsiku kumudzi kwathu ku Balaka. Ndi kamodzi mwa timawailesi tambirimbiri tochokera ku China timene tadzaza m'misika yathu, timene maina ake amasiyanasiyana ngakhale kuti kapangidwe kake n'kofanana. Kukula kwake sikaposa njerwa imodzi. Kumsana kuli sola, pambali pali polowetsera memori khadi ndi fulashi, kali ndi FM, Bluetooth, tochi, ndiponso batire yoti munthu angathe kuchotsa n'kuikamo ina. Mitengo yakwera kwambiri chigulireni ine, choncho wofuna kugula lero asadalire mtengo umene ndatchulawu.

Chimene chinandipititsa ku Limbe tsiku limenelo chinali matenda a mayi anga. Kumapeto kwa 2023 anadwala sitiroko, imene inafoola dzanja ndi mwendo wakumanja n'kuwalanda mawu, moti ankatha kutchula timawu tiwiri kapena titatu basi, ndipo akalephera kumaliza chimene akufuna kunena ankangotembenukira kukhoma. Munthu ameneyu anali atakhala m'gulu la amayi a Mvano kwa zaka zoposa 30. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo pa siwa, pa ukwati, pokaona odwala ndi pa mapemphero a pamlaga, ndipo ife ana awo tinakula tikudzutsidwa ndi mawu awo mbandakucha akusesa pabwalo. Nditawaona ali chete pamkeka, duku lawo loyera litapindidwa m'sutukesi, ndinazindikira kuti chimene matenda anawalanda chinaposa kuyenda. Ndinkafuna chinthu choti chibweretse nyimbo za Mulungu m'chipinda chawo popanda kudalira magetsi, chifukwa kwathu kulibe, komanso popanda kudalira foni, imene sakanatha kuigwiritsa ntchito ndi dzanja limodzi.

Ndiyambe ndi mawu ake, chifukwa pamenepa ndi pamene kawailesika kanaposa chiyembekezo changa. Sipika yake ndi imodzi yokha, koma imatulutsa mawu a anthu momveka bwino, makamaka nyimbo za kwaya zopanda zing'wenyeng'wenye zambiri, moti munthu amatha kusiyanitsa mawu a amayi ndi a abambo. Mukakweza mpaka kumapeto kamayamba kunjenjemera ndipo mawu okhuthala amasokonekera, koma m'chipinda kapena pakhonde simufunika kukweza kufika pamenepo. FM imagwira bwino MBC Radio 1, Zodiak ndi Radio Maria, ndipo ngakhale kuti ife si Akatolika, mayi anga amamvetsera nyimbo za pa Radio Maria mwachidwi.

Madzulo a tsiku lachitatu chifikireni kawailesika ndi amene sindidzawaiwala. Tinali titadya nsima, mchemwali wanga akutsuka mbale, ndipo kanali kakuyimba nyimbo ina yakale ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Itafika pa kolasi tinamva mawu achiwiri m'chipindamo, ofooka ndi onjenjemera, koma akutsata nyimboyo mawu ndi mawu. Anali mayi anga, munthu amene masana omwewo analephera kupempha madzi akumwa. Mchemwali wanga anasiya mbale n'kukagwada pambali pawo, ndipo tonse atatu tinaimaliza nyimboyo tikulira. Pambuyo pake ndinamva kwa wachipatala wina wophunzitsa odwala mafizo kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri: sitiroko yofoola mbali yakumanja ya thupi imakhala itavulaza mbali yakumanzere ya ubongo, kumene kumakhala mphamvu ya kulankhula mwa anthu ambiri, pamene nyimbo zimene munthu anaziloweza kalekale zimadalira kwambiri mbali zina, choncho zimatha kutsala. Kufotokoza kumeneku ndinakulandira ndi manja awiri, ndipo sikunachepetse kuthokoza kwanga, pakuti amene anaumba ubongo m'njira yoti chitamando chitsale pamene mawu ena onse athawa ndi Mulungu yemweyo.

Nkhani ya nyimbo zoika m'kawailesi ndi imene wogula ayenera kuiganizira mofatsa, chifukwa kamabwera kopanda kanthu. Ndinagula memori khadi ya 8GB n'kupita nayo kwa anyamata obana nyimbo pamsika, ndipo nditangonena kuti ndikufuna nyimbo zauzimu, anandidzazira nyimbo mazanamazana zimene zambiri zinali zovina, zaphokoso, zina za zilankhulo zimene mayi anga sazimva. Sindikunyoza nyimbo zoterozo, zili ndi malo ake, koma munthu wogona pamkeka amafuna nyimbo imene akuidziwa kuyambira pa ndime yoyamba mpaka yomaliza. Ndinafufuta pafupifupi zonse n'kusiya nyimbo 60 zokha. Ndiyeneranso kunena kuti nyimbo ndi thukuta la eni ake, ndipo m'dziko muno muli bungwe la COSOMA limene limayang'anira za umwini wa nyimbo, choncho Mkhristu woika nyimbo zotamanda Mulungu ayenera kufunsa ngati womuikirayo ali ndi chilolezo, kuti oyimbawo asadyeredwe masuku pamutu. Nyimbo zimene mayi anga amazikonda koposa sizinachokere pamsika konse: ndinajambula ndi foni amayi a Mvano a kwathu akuyimba m'tchalitchi, n'kuzisamutsira mu khadiyo, ndipo akamamvetsera amatha kuzindikira mnzawo aliyense ndi mawu ake.

Mwezi wa Febuluwale 2024 mvula inadula. Chimanga chathu chinali chitayamba kumasula, ndipo tinachiona chikupota masamba n'kuuma chili chiimire, monga zinachitikira m'madera ambiri chifukwa cha kusokonekera kwa nyengo kotchedwa El Niño, mpaka mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya chilala. Apa n'kuti ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti feteleza amene tinathira m'munda wouma uja tinali titamugula movutikira kwambiri. Kunena zoona, masiku amenewo kawailesika kankandipweteka m'makutu. Ndinkafika kumudzi ndili ndi nkhawa ya ufa, mankhwala ndi fizi ya ana, n'kupeza nyimbo yonena za ubwino wa Mulungu ikumveka pakhonde, ndipo tsiku lina ndinakazimitsa. Mayi anga anandiyang'ana, anatambasula dzanja lawo lamanzere n'kukayatsanso, kenako anandilozera Baibulo lawo kuti nditsegule pamene panali kapepala. Panali pa Habakuku 3:17-18, pamene mneneriyo akunena kuti ngakhale mkuyu usachite maluwa, mpesa usabale, minda isatulutse chakudya ndipo m'makola musakhale ziweto, iye adzakondwerabe mwa Yehova, Mulungu wa chipulumutso chake.

Ndakhala ndikuganizira ndime imeneyi kwa nthawi yaitali, ndipo chimene ndapeza n'chakuti mneneriyo sakubisa kanthu. Akutchula zotayika zonse chimodzichimodzi, monga mlimi wa ku Balaka angatchulire chimanga, nandolo, thonje ndi mbuzi, ndipo atamaliza kuwerenga zonsezo m'pamene akutamanda. Kale ndinkaganiza kuti kutamanda Mulungu pa nthawi ya mavuto n'kudzinamiza kuti zinthu zili bwino, koma Malemba sanena choncho. Yobu anayamba wang'amba malaya ake ndi kumeta mutu wake asanalemekeze dzina la Yehova. Salimo 88 ndi dandaulo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo limathera mu mdima, komabe linaikidwa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu. Paulo ndi Sila ankayimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi misana yawo ili ndi mabala a zikoti, mapazi ali m'matangadza, asanadziwe kuti kubwera chivomezi. Ambuye Yesu mwini anayimba nyimbo pamodzi ndi ophunzira ake asanapite ku Phiri la Azitona usiku umene anaperekedwa. Munthu wotamanda pa nthawi yotero akunena kuti njala ndi matenda zilipodi, koma sizinamulande Mulungu mpando wake, ndipo akanena zimenezo ndi pakamwa pake, mtima umene unali utayamba kugwa umapeza pogwira. Mayi anga ankadziwa bwino kuti nkhokwe ilibe kanthu, chifukwa ankaiona ali pakhonde pomwepo, ndipo ankayimba akuiyang'ana.

Ndibwerere ku zofooka za kawailesika, pakuti zilipo ndipo zina n'zazikulu. Sola yake ndi yaing'ono kwambiri, moti ngakhale pa dzuwa la ku Balaka kamafunika kukhala panja pafupifupi tsiku lonse kuti kayimbe maola atatu kapena anayi madzulo, ndipo kukakhala mitambo kwa masiku awiri kamangokhala chete. Vuto lina n'lakuti sola ndi batire zili m'thupi limodzi, choncho pokaika padzuwa batire imatentha nawo, ndipo kutentha kumafupikitsa moyo wa batire za mtundu umenewu. Yathu inayamba kutha msanga patangopita miyezi isanu ndi iwiri. Mwayi wake ndi wakuti ndi batire wamba ya 18650, yopezeka mosavuta m'misika, ndipo nditagula ziwiri, imodzi imakhala ikutchajidwa kwa mnansi wathu amene ali ndi sola yaikulu padenga pamene inayo ikugwira ntchito. Eriyo inathyoka mwezi wachinayi, ndipo tinalumikiza ndi waya.

Chofooka chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mabatani. Ndi ang'onoang'ono, othithikana, olembedwa m'Chingerezi, ndipo batani lokwezera mawu ndi lomwelo losinthira nyimbo, kusiyana kwake n'kutalika kwa nthawi imene mwalidina. Kwa munthu wokalamba wogwiritsa ntchito dzanja limodzi, zimenezi n'zovuta kwambiri, ndipo masabata oyamba mayi anga ankati akafuna kukweza nyimbo imene akuikonda, n'kuidumpha. Mdzukulu wawo anadontheza utoto wa m'zikhadabo wofiira pa batani loyatsira ndi woyera pa losinthira nyimbo, ndipo zinathandiza. Komanso nthawi iliyonse mukakayatsa, kamayamba kalankhula mokweza m'Chingerezi kulengeza ngati kali pa Bluetooth kapena pa FM, zimene zimadzidzimutsa wodwala usiku, ndipo palibe njira yozimitsira mawu amenewo. Amene amapanga ndi kuitanitsa zipangizozi akanaganizira kuti ambiri ozigwiritsa ntchito ndi agogo a kumudzi.

Pali chinthu china chimene kawailesika kanandionetsa chokhudza ine mwini. Mwana wanga wamkazi atakhoza mayeso a MSCE, tinapita kumudzi kukasangalala, tinapha nkhuku, ndipo achinyamata anatenga kawailesi ka agogo awo n'kulumikiza ku foni kuti avine. Palibe amene anaganiza zoyamba ndi pemphero, ngakhale ine amene ndinkapemphera usiku uliwonse pa nthawi ya mayeso. Mayi anga anamenya ndodo yawo pansi mpaka tonse tinakhala chete, kenako anayambitsa okha nyimbo yothokoza popanda wailesi. Ndinakumbukira Deuteronomo 8, pamene Mose akuchenjeza Aisraeli kuti akadzadya n'kukhuta, n'kumanga nyumba zabwino, asadzaiwale Yehova n'kumati mphamvu ya dzanja lawo ndi imene yawapezera chuma, ndiponso akhate khumi a pa Luka 17, amene anachiritsidwa onse koma wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, Msamariya. Ndinaona kuti pa moyo wanga chitamando chimazilala msanga pa nthawi ya mtendere kusiyana ndi pa nthawi ya mavuto, chifukwa mavuto amandikankhira okha kwa Mulungu, pamene zabwino zimandinyengerera kuganiza kuti ndazipeza ndi nzeru zanga.

Chenjezo limodzi ndilipereke kwa ana anzanga okhala m'tauni: n'kosavuta kugulira kholo kachipangizo kotere n'kuganiza kuti udindo watha. Panali nthawi imene amayi ena a Mvano anachepetsa kubwera poganiza kuti mnzawo ali ndi zomusangalatsa, ndipo mayi anga anayamba kumangomvetsera osayimba nawo. Mchemwali wanga atakambirana ndi amayi otsogolera gululo, anayambanso kubwera kawiri pa mwezi, ndipo akafika kawailesi kamazimitsidwa, iwo n'kukhala pamkeka kuyimba pamodzi. Masiku otsatira ulendo wotero ndi amene mayi anga amayimba kwambiri potsatira wailesi.

Kwa munthu amene ali ndi kholo kapena m'bale wodwala amene sangathenso kufika kutchalitchi, ndikulimbikitsa kugula kawailesi ka mtundu umenewu, malinga ayese zonse ali m'sitolo momwemo: alowetse memori khadi, ayese FM, atsegule kumbuyo kuti aone ngati batire ndi yochotseka, asankhe ka mabatani akuluakulu ngati kalipo, ndipo atenge lisiti. Agulirenso batire yachiwiri tsiku lomwelo, ndipo asankhe nyimbo pamodzi ndi mwini wakeyo. Kathu kakugwirabe ntchito, eriyo yake ili yomangidwa ndi waya, ndipo mwezi wamawa ndikupita kumudzi ndi foni kukajambula amayi a Mvano nyimbo zina khumi zimene mayi anga asankha okha pogwedeza mutu pamene mchemwali wanga amawawerengera manambala a m'buku la nyimbo.